Kawaya Koonda ka Kaputeni

1. Galimoto pakhoma

Mwana wanga wamkazi timamutcha Phuma. Si dzina lachipongwe ayi. Anabadwa tisanafike n'komwe kuchipatala, ndipo chiyambireni sanadikirepo chinthu. Tiyi amamwa akuwira. Zingwe za nsapato amamanga ali kale pamsewu.

Ine ndimachapa ndi kusita zovala pachipatala china. Ndi ntchito yoimirira tsiku lonse. Ndikaweruka ndimafuna zinthu ziwiri zokha, mpando ndi bata. Lachisanu limenelo sindinapeze chilichonse mwa ziwirizi.

Pampando wanga panali chikwama cha kusukulu. Patebulo lodyera panali kompyuta, ataigoneka chammbali ngati wodwala woti achitidwe opaleshoni. Phuma anali ataimirira pambali pake, sikuludiraiva ili m'manja.

Ndinamufunsa ngati tayamba kudyera pansi. Iye anati ndimupatse kanthawi kochepa, akukonza tsogolo lake.

Kompyutayo bambo ake anaigula ku ofesi ina imene inkatsekedwa. Ndi yakale koma yolimba. Bambo akewo amayendetsa galimoto zonyamula katundu ndipo amakhalitsa kuulendo. Tsiku limene anaibweretsa sanachulutse zonena. Anangoti, "Imeneyi ikafa, ina palibe."

Phuma amalemberapo za kusukulu, inde. Koma mtima wake uli pa gemu yothamangitsa magalimoto. Kusukulu kwawo kuli kalabu ya makompyuta, ndipo aphunzitsi a kalabuyo ankasankha timu yokapikisana ndi masukulu ena. Mpikisano wotsiriza wosankhira unali mawa lake masana, aliyense akusewera ali kwawo kudzera pa intaneti. Anayi oyamba alowa m'timu. Otsalawo azikaombera anzawo m'manja.

Kuyendetsa amatha, zimenezo ndaona ndi maso anga. Vuto linali kompyuta. Gemu ikamayamba zonse zinkayenda bwino. Ikafika pakati, chithunzi chinkauma gwa. Pomwe chiziyendanso, galimoto yake ili kale pakhoma, matayala akuyang'ana kumwamba. Anzake ankaseka m'mahedifoni mpaka ine kukhitchini ndinkamva. Ankati Phuma wapsompsonanso khoma.

Mtsogoleri wawo ndi mnyamata wa kalasi lapamwamba amene onse amangomuti Kaputeni. Iyeyo anamuuza mosabisa kuti ikaumanso mawa, malo ake atenga wina. Koma mnyamatayo si woipa mtima. Ananena zimenezo uku akumupatsira thumba la pulasitiki.

2. Za m'thumba la Kaputeni

Phuma anakhuthula thumbalo patsogolo panga ngati munthu wogulitsa malonda.

Choyamba chinali chinthu chachitali ngati nsapato ya bambo ake, chokhala ndi mafani awiri. Anati imeneyo ndi khadi ya zithunzi, ndiyo imajambula zonse zooneka pa sikirini. Kaputeni anali atapeza ina yatsopano, ndiye yakaleyi anamubwereka.

Chachiwiri chinali chopyapyala ngati chipeso. Anati ndi ramu, imathandiza kompyuta kugwira zinthu zambiri nthawi imodzi osaiwala. Anali ataonetsetsa kale kuti ndi yamtundu umodzi ndi imene ili m'kati.

Chachitatu chinali kawaya kafupi, kokhala ndi pulagi uku ndi uku. Pa kameneka ndi pamene mawu ake anayamba kuthamanga.

Ndinamuuza kuti abwereze, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi munthu amene waimirira tsiku lonse.

Anafotokoza kuti khadiyo imafuna magetsi akeake kudzera pa pulagi yaikulu. Magetsi a m'kompyuta amachokera mu kabokosi kachitsulo kapakona, kotchedwa pawa sapulayi. Kathuko kalibe waya wa pulagi yaikuluyo. Ndiye kawayaka kamalumikizidwa ku mawaya ang'onoang'ono amene alipo kale, n'kuwasandutsa pulagi yaikulu.

"Kaputeni nayenso akugwiritsa ntchito kamtundu womwewu pa khadi yake yatsopano," anatero. "Akuti palibe vuto."

Ndinakatenga kawayako n'kukapinda ndi zala ziwiri. Kanali koonda ngati chingwe cha nsapato ya mwana. Za makompyuta sindidziwa. Koma kuntchito ndinaonapo simbi yaikulu italumikizidwa ku waya woonda, ndipo fungo lake ndimalikumbukirabe.

Ndinati ndiimbira achimwene anga abwere mmawa adzaone.

Phuma anagwetsa mapewa. Anati amalume ake amakonza mafiriji ndi mbaula zamagetsi, ndipo ichi si firiji. Ndinamuyankha kuti magetsi a m'firiji ndi a m'kompyuta amachokera pa khoma limodzi lomweli. Kenako ndinatenga sikuludiraiva ija m'manja mwake n'kuiponya m'chikwama changa cha kuntchito.

Madzulo amenewo tinadyera pamiyendo. Sanandilankhule, ndipo bata lija ndinalipeza.

3. Chenjezo la amalume

Achimwene anafika mmawa ndi chikwama chawo cha zida. Ndi munthu wosafulumira. Anayamba amwa tiyi, n'kufunsa za bambo a Phuma, n'kudandaula za bondo lawo. Nthawi yonseyo Phuma ankayendayenda m'nyumba ngati mphaka wotsekeredwa.

Kenako anavala magalasi n'kusuzumira m'kompyuta. Pambali pa pawa sapulayi panali pepala lomata la tizilembo ting'onoting'ono. Anati maso awo sakutha, Phuma awawerengere mphamvu imene kabokosiko kamatulutsa. Anawerenga. Anamufunsanso ngati akudziwa mphamvu imene khadiyo imafuna.

Phuma anayang'ana pansi. Ankadziwa. Anali atafufuza kale pa foni yanga, ndipo nambala ya khadi inali yaikulu kuposa ya kabokosi. Ananena ndi mawu otsika ngati munthu woulula kuti shuga anamaliza ndi iyeyo.

Achimwene anatenga kawaya kaja n'kukaika pachikhatho chawo.

"Mphwanga, za magemu ine sindidziwa, ndipo sindikunamiza. Koma magetsi ndakhala nawo kuyambira mayi akowa asanakwatiwe. Waya aliyense ali ndi katundu amene angathe kusenza. Mawaya ang'onoang'ono awa anawapangira kachipangizo kosungira zinthu, kamene kamadya pang'ono ngati khanda. Khadi yakoyi imadya ngati bambo woswa miyala. Kawaya aka sikawonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Kamangosintha kamwa kuti pulagi ilowe.

"Choipa chake n'chakuti kadzakunamiza. Ukayatsa, kompyuta iyaka. Mafani azungulira, chithunzi chikongola, iwe uziti amalume akalamba. Kawayaka sikatentha pamene ukukayang'ana. Kamatentha gemu ikafika pothina, khadi ikamakoka magetsi ndi mphamvu zake zonse, maso ako ali pa sikirini. Pulasitiki imayamba kufewa, mawaya awiri amakhudzana, kenako umamva fungo. Ukamamva fungolo ndiye kuti nkhani yatha kale. Mwina kapsa kawaya kokha. Mwina katenga ndi khadi ya mnzakoyo, ndi zonse unalemba za kusukulu.

"Ndalowa m'nyumba zambiri, mphwanga. Paliponse mwini wake amandilandira ndi mawu omwewo, akuti komatu dzulo imagwira bwinobwino. Chilichonse chimene chinapsa, dzulo lake chinkagwira."

Phuma anafunsa kuti nanga njira yoyenera ndi iti. Anamuuza kuti ndi kusintha pawa sapulayi, kuika yamphamvu yokhala ndi waya wake wonenepa. Anati afunsa kwa anzawo okonza zamagetsi, ndipo ikapezeka adzaimangira limodzi. Koma osati lero.

"Mpikisano ndi lero, amalume."

"Ndamva," anatero achimwene, n'kubwerera ku tiyi wawo.

4. Sikuludiraiva ibwerera

Phuma anatenga foni yanga n'kutuluka pakhonde. Anaimbira Kaputeni n'kumufotokozera zonse, za waya woonda, za kutentha, za fungo. Anamuuza kuti nayenso achotse kake. Mawu a mnyamatayo ankamveka mpaka m'nyumba. Ankaseka. Anati amenewo ndi mantha a akuluakulu, yake yatha sabata ikugwira bwinobwino.

Achimwene anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Phuma atalowa ndinatulutsa sikuludiraiva m'chikwama n'kuiika patebulo.

"Tamvera iwe. Ine sindikuletsa. Ndikakuletsa udzachita ine ndili kuntchito, ndipo ndilibe mphamvu zokhala mlonda wa kompyuta. Amalume ako anena, nawenso manambala wawaona wekha. Ukaika kawayako n'kupambana lero, uzisewera mawa ndi mkuja mtima uli m'mwamba, mphuno ikununkhiza. Ikapsa usadzandiyang'ane. Bambo ako udzawafotokozera wekha, ine ndidzangokugwirira foni. Ukasiya, mwina utaya malo m'timu. Udzalira, ndipo ndidzakupirira. Koma Lolemba udzadzuka kompyuta ilipo. Sankha, ukatero undichotsere zimenezi patebulo."

Ndinathira madzi ofunda m'beseni, ndinakhala pampando wanga n'kuviika mapazi. Kuchokera pamenepo tebulo limaoneka lonse.

Phuma anazula khadi yakale yaing'ono imene inali m'kompyuta yathu. Anatenga ya Kaputeni n'kuilowetsa pamalo pake. Inalowa bwino ngati anaipangira kompyuta yathuyo. Anaima n'kuiyang'ana, ndipo kunena zoona inkakongola.

Kenako anatenga kawaya. Mbali imodzi anailumikiza ku mawaya ang'onoang'ono aja. Mbali inayo anaifikitsa pakamwa penipeni pa khadi. Achimwene anasiya kutakasa tiyi.

Mwana amene sadikira tiyi kuti apole anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu.

Anamasula kawaya kaja n'kukaponya m'thumba. Anazula khadi ya Kaputeni, anaikulunga bwinobwino n'kuiika pamwamba pa kabati. Anabwezera yakale.

"Amalume," anatero osatembenuka, "nanga chimene ndingachite lero n'chiyani?"

5. Bulangete la m'kati

Achimwene anati iwo alibe yankho, koma ali ndi funso. Firiji ikamagwira mmawa n'kumalephera masana, iwo amayamba kuyang'ana kumbuyo kwake ngati kukupita mphepo. Anafunsa kuti kodi kompyutayi imauma nthawi yanji.

Phuma anati poyamba imayenda bwino, imauma gemu ikafika pakati. Atangonena zimenezo anatenga tochi m'chikwama cha amalume ake.

Anawalitsa pansi pa fani yaikulu yapakati. Pamenepo pali tizitsulo topyapyala tondondozana, toti mphepo izidutsamo n'kuchotsa kutentha. Sitinkaoneka n'komwe. Fumbi linali litagwirana pamwamba pake ngati bulangete. Fani ya khadi yakale inali chimodzimodzi.

Phuma anati vuto ndi limenelo. Kompyuta ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo pamenepo ndi pamene chithunzi chimauma.

Achimwene anafunsa kumene kompyutayo imakhala. Phuma analoza pansi pa desiki, pakona, yogundizana ndi khoma. Kenako analoza kansalu koluka kamene kanali pampando. Kameneko ndimaphimbira kompyuta kuti isade, ndipo kamalendewera mbali zonse, pomwe pali timabowo.

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinawauza kuti kansaluko n'kokongola, kanandithera nthawi, ndipo palibe anandiuzapo kuti kompyuta imapuma.

Anaitulutsira pakhonde. Phuma anaonetsetsa kuti pulagi ya pakhoma ndi yozula, ndipo asanagwire chilichonse m'kati ankayamba wakhudza chitsulo cha bokosilo. Anati thupi la munthu limasunga timagetsi timene tingaononge zipangizo. Anatenga mswachi wakale n'kuyamba kupala fumbi pang'onopang'ono, chala chimodzi chitagwira fani kuti isazungulire. Achimwene ankapopera mphepo ndi pampu ya njinga. Fumbi limene linatuluka mmenemo linawayetsemulitsa mpaka magalasi kugwa.

Atamaliza, Phuma anatenga ramu ija. Imeneyo achimwene anati ilibe mlandu, imadya pang'ono. Poyamba inakana kulowa. Phuma wa masiku onse akanaikankha ndi mphamvu. Uyu anaizula, anaona kuti kampata kake kayang'ana kolakwika, anaitembenuza n'kukanikiza mbali zonse ziwiri mpaka inalira kuti khwa.

Kompyuta anaiika pamwamba pa desiki, kutali ndi khoma. Kansalu kanga kanasamukira pa wailesi.

Chomaliza chinamupweteka kuposa zonse. Analowa m'gemu n'kuyamba kuzimitsa zokongoletsa kuti khadi yakaleyo ipepukidwe. Anachotsa mithunzi. Anachotsa kunyezimira kwa magalimoto. Anachotsa anthu oonerera m'mbali mwa msewu. Mitengo inasanduka timitu tobiriwira tosadziwika bwino, ndipo galimoto yake yofiira inkaoneka ngati sopo.

Anati ndi yonyansa. Ndinamufunsa ngati aphunzitsi akusankha wokongola kapena wofika msanga.

6. Pakona yaikulu

Masana achimwene anapita kukaona firiji ya munthu wina. Phuma anavala mahedifoni koma anakweza mawu kuti nanenso ndizimva. Ndinathiranso madzi ena m'beseni.

Asanayambe, Kaputeni anafunsa ngati khadi ija waiika. Phuma anati ayi. Kaputeni anauza anzake kuti akonzeretu khoma, mwini wake akubwera. Onse anaseka, mpaka aphunzitsi anawauza kuti akhale chete.

Mpikisano unayamba. Phuma ananyamuka moipa, anali chakumbuyo. Sindinadandaule. Kumayambiriro sikunakhalepo vuto lake.

Anadutsa mmodzi pamlatho. Anadutsa wina potsetsereka. Ine maso anga sanali pa magalimoto, anali pa mapewa ake. Pamene pamauma chithunzi ndimapadziwa, chifukwa mapewawo amakwera kufika m'makutu.

Anafika pakona yaikulu, pakhoma lake lija. Mapewa anakwera. Kasopo kofiira kanakhota bwinobwino n'kupitirira.

M'mahedifoni wina anafunsa ngati akuyendetsa ndi Phuma yemweyo kapena wabwereka munthu. Iye maso anali pamsewu. Anali akuthamangitsa wachinayi.

Kaputeni anali kutsogolo kwenikweni, yekhayekha, akuimba kanyimbo. Anali atatsala pang'ono kumaliza. Kenako kanyimboko kanaduka.

"Kodi kukununkha chiyani muno?" anatero.

Galimoto yake inangopita molunjika pamene msewu ukukhota, inagunda khoma n'kuima pomwepo. Ena onse anaidutsa mmodzimmodzi. Aphunzitsi anamuitana kangapo koma kunali zii.

Phuma anamaliza wachitatu. Ngakhale Kaputeni akanamaliza, iye akanakhala wachinayi, ndipo aphunzitsi ananena zimenezo momveka kuti pasadzakhale zokamba. Anamuuza kuti walowa m'timu.

Ndinkayembekeza kuti adumpha mpaka kudenga. Anangovula mahedifoni n'kuika dzanja pamwamba pa kompyuta. Anati ndi yofunda pang'ono chabe. Kenako anatenga foni yanga n'kuimbira Kaputeni. Sanayankhe.

7. Mlendo pakhomo

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni kunamveka kugogoda. Phuma anatsekula.

Anali Kaputeni, thukuta lili kamukamu, atanyamula kompyuta yokulunga m'thaulo. Fungo linalowa iye asanalowe. Ndi fungo lomwe lija la simbi ya kuntchito.

Anandipatsa moni mwaulemu kwambiri, maso ali pansi. Kuseka kuja kunalibe. Anafunsa Phuma ngati amalume aja adakalipo.

Ndinamuuza kuti aike katunduyo patebulo, poti tebulo langa linasanduka kale chipatala. Phuma anatsekula mbali imodzi n'kuwalitsa tochi. Kawaya kaja kanali katasungunuka n'kumatirira pa khadi yatsopano ija, kakuda bii. Sanamuseke, ndipo sananene kuti ndinakuuza. Anangomuletsa kugwira chilichonse mpaka amalume atabwera.

Ndinamufunsa mnyamatayo ngati makolo ake akudziwa.

Anati ayi. Anati vuto si khadi yokha. Kompyutayo si yake, ndi ya bambo ake, ndipo ndi imene amajambulira mapulani a nyumba za anthu. Ntchito yawo yonse ili mmenemo. Bambowo anapita kukaona malo ena omanga, ndipo iye ankaganiza kuti pomwe azibwera madzulo zonse zikhala zitakonzedwa.

Ndinatulutsa mapazi m'beseni n'kuuza Phuma kuti aimbire amalume ake. Anati waimba kale, ali m'njira.

Nthawi yomweyo panja panaima galimoto. Achimwene anga amayenda pa njinga. Kaputeni anamvetsera kulira kwa injiniyo, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Amenewo ndi bambo anga," anatero. "Abwera msanga, ndipo wina wawauza kumene ndalowera."

Ndinapukuta mapazi, ndinavala nsapato, n'kupita kukatsekula chitseko.